Cha m'mphuno chakana, cha pachala chavomera: tikhulupirire chiti?

Mayi wina wa ku Zolozolo, kuno ku Mzuzu, wandilembera imelo yaitali, ndipo wandilola kuyankha poyera bola ndisatchule dzina. Nkhani yake mwachidule ili motere. Bambo ake, a zaka 68, anayamba kutentha thupi, kuphwanya m'mfundo ndi kutsokomola mwezi wa June, kuzizira kuli pachimake. M'mawa mwake anapita nawo kuchipatala. Malungo sanawapeze. Anawapisa kamtengo ka thonje m'mphuno, kachipangizo kanaonetsa mzere umodzi, kutanthauza kuti Covid-19 palibe, ndipo anabwerako ndi Panado. Kutentha thupi kunatha patapita masiku asanu, koma chifuwa chakakamira, ino ndi sabata yachinayi. Ndiye achimwene ake abwera kuchokera ku Johannesburg ndi kachipangizo kena, kobaya pachala, ndipo katulutsa mzere pamene palembedwa IgG, chimodzi mwa zimene thupi limapanga podziteteza ku kachilombo. Pakhomo pabuka mkangano. Achimwene akuti achipatala anaphonya, abambo ali ndi Covid, atsekeredwe m'chipinda chaokha. Achemwali akuti ayi, mzerewo ndiye kuti atetezeka, sadzadwalanso. Mayiyu akufunsa kuti, "Kodi chikunama ndi chiti, cha m'mphuno kapena cha magazi?" Kumapeto wawonjezera kuti abambo anabayitsa katemera wa Covid wa AstraZeneca kawiri mu 2021, komanso kuti masiku ano akutuluka thukuta usiku ndipo lamba ayamba kumangira pa bowo lina.

Amayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi matenda. Ndiyamba ndi mawu amene mwawaika kumapeto ngati ongodutsa, chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa kuposa mizere yonse ija. Munthu wamkulu amene watsokomola kupitirira masabata awiri, akunyowetsa zofunda ndi thukuta m'nyengo imene ife tonse kuno ku Mzuzu tikufunda mabulangete awiri, thupi n'kumatsika, ayenera kukayezetsa TB. Musadikire kuti mkangano wa pakhomo uthe. Pitani nawo ku Mapale kapena kuchipatala chilichonse chimene muli nacho pafupi, mukanene zizindikiro zitatuzi mosasiyako, akapereke makhololo. M'zipatala za boma kuyeza TB n'kwaulere, mankhwala akenso ndi aulere. Makina oyezera TB a GeneXpert amatulutsa yankho m'maola awiri akangolowetsamo makhololo, ngakhale kuti kuchuluka kwa odikira kungachititse kuti akuuzeni mubwerenso mawa. Sindikunena kuti abambo ali ndi TB. Chifuwa chotsalira pambuyo pa chimfine chimatha kukhalapo masabata 3 mpaka 8 munthu atachira kale, popeza njira za mpweya zimakhala zikadali zanthete ndipo mphepo yozizira imazitokosa. Koma chimfine sichiondetsa munthu mpaka lamba kusuntha bowo.

Tsopano ku funso lanu. N'zotheka ndithu kuti palibe chimene chanama. Cha m'mphuno chimasaka kachilombo kenikeniko, ndipo yankho lake ndi la tsiku lomwelo. Cha pachala chimasaka zimene thupi linapanga litakumana ndi kachilombo kapena katemera, ndipo yankho lake ndi la m'mbuyo, osanena kuti zinachitika liti. Kupeza fisi m'khola ndi nkhani ina, kupeza mapazi ake kuseri kwa khola ndi nkhani inanso. Mapaziwo angakhale a usiku wathawu, angakhalenso a dzinja lathali amene anaumira m'matope.

Kachilombo ka chimfine kakalowa, kamaboola timaselo ta mkati mwa mphuno ndi pakhosi n'kuyamba kuswaniramo. Poyamba munthu samva kanthu. Fuluwenza imabisala tsiku limodzi mpaka masiku 4, Covid-19 masiku 2 mpaka 14, ngakhale mitundu yake ya Omicron imafulumira, kawirikawiri masiku 3 kapena 4. Tizilomboto timachuluka mpaka kufika pachimake m'masiku oyambirira a kudwala, kenako n'kuyamba kutha. Kuyeza kwa m'mphuno kumadalira kuti mwafika pa nthawi iti ya ulendo umenewu.

Munaona nokha mmene amayezera. Kamtengo kaja amakazunguza m'mphuno mpaka munthu misozi ili mbwee, amakaviika m'kabotolo ka madzi a mankhwala n'kukafinya, kenako amadontheza madontho angapo pa kabowo ka chipangizo. Madziwo amakwawa pang'onopang'ono pa kapepala ka mkati, kudutsa pa zilembo ziwiri, T ndi C. Mzere wa pa C umangotsimikiza kuti chipangizo chagwira ntchito, ndipo ukapanda kutuluka zonsezo n'zotaya. Wa pa T umatuluka pokhapokha m'maminamo muli puloteni ya kachilombo yochuluka ndithu. Ukatuluka mkati mwa mphindi 15 mpaka 30, ngakhale ukhale wovuta kuuona, umawerengedwa. Ukatuluka patapita ola chipangizo chitaiwalidwa pawindo, musaukhulupirire.

Ndiye mzere umodzi wa abambo uja ungatanthauze zinthu zingapo. Mwina anayezedwa msanga. Anthu amene anabayitsa katemera kapena anadwalapo kale amayamba kumva m'thupi mofulumira, chifukwa chitetezo chawo chimadzidzimuka tizilombo tisanachuluke, ndipo n'chifukwa chake amalangiza kuyezanso pakapita maola 48 ngati munthu akudwalabe. Mwina kamtengo sikanatole mamina okwanira. Koma chimene ndikuchiona chotheka kwambiri n'chakuti sinali Covid n'komwe. Timaiwala kuti chimfine chinalipo 2020 isanafike. Pali ma rhinovirus a mitundu yoposa 100, pali fuluwenza A ndi B, pali RSV, adenovirus, parainfluenza, ndi ma coronavirus ena anayi akalekale amene amangoyambitsa chimfine wamba. Onsewa amayenda bwino m'miyezi imene timadzazana m'minibasi mawindo ali otseka, ndipo amadwalitsa mofanana moti ngakhale dokotala wodziwa sangawasiyanitse pongomvetsera chifuwa. Kachipangizo ka Covid sikaona ngakhale amodzi mwa amenewa.

Pali kuyeza kwina kwa m'mphuno momwemo kumene ambiri tinakudziwa poyenda ulendo wodutsa malire, kwa PCR. Kumeneku safuna puloteni, amafuna RNA, malangizo amene kachilombo kamagwiritsa ntchito podzichulukitsa. Makina amatenga kachidutswa ka malangizowo n'kukakopera mobwerezabwereza, ulendo uliwonse chiwerengero n'kuwirikiza kawiri, moti pakatha maulendo 30 kachidutswa kamodzi kasanduka pafupifupi biliyoni. Ndiye PCR imagwira ngakhale tizilombo tochepetsetsa, zimene kachipangizo ka mphindi 15 sikangathe. Mphamvu yomweyo ndi imene imasokoneza anthu. PCR sisiyanitsa kachilombo kamoyo ndi zinyenyeswa za kakufa kale, ndipo ena imawapezabe nako mpaka miyezi itatu atachira. Mu 2020 anthu ena anasungidwa kwaokha masabata ambiri akuyezedwa mobwereza, ali bwinobwino, mpaka bungwe la WHO linasintha malangizo pakati pa chakacho n'kunena kuti aziwerenga masiku: 10 kuchokera pamene munthu anayamba kudwala, kuphatikiza 3 opanda zizindikiro. Za mtundu umenewu timazionanso pa malungo. Kachipangizo ka malungo kamasaka puloteni ya tizilombo yotchedwa HRP2, imene imatsalira m'magazi masabata angapo munthu atamaliza LA, ndiye mizere iwiri imatulukabe kwa munthu wochira.

Tibwere ku magazi, kumene kuli gwero la mkangano wanu. Kachilombo kakangolowa, thupi limayamba ndi chitetezo chosasankha mdani. Maselo ogwidwa amatulutsa mankhwala ochenjeza anzawo, otchedwa interferon, ndipo kutentha thupi, litsipa ndi kuphwanya kuja kwenikweni ndi ntchito ya thupi lanu lomwe. Pa nthawi yomweyo zidutswa za kachilombo zimatengedwa kupita ku timabere ta m'khosi, tija timatupa n'kukhala mwanabere. Mmenemo muli maselo otchedwa B, mamiliyoni, lililonse lodziwa maonekedwe amodzi okha. Limene lagwirizana ndi mdaniyo limayamba kuswana n'kumapanga ma antibody, timapuloteni tomata pa kachilomboko kuti kalephere kuboola selo. Zimenezi zimatenga nthawi. Mtundu wa IgM umayamba kuoneka cha kumapeto kwa sabata yoyamba, IgG m'sabata yachiwiri kapena yachitatu, ngakhale pa Covid-19 awiriwa amatuluka pafupifupi limodzi. Palinso IgA, amene amakhala m'mamina, m'malovu ndi mumkaka wa m'mawere. Mukamuyeza magazi munthu amene kachilombo kamugwira koyamba, pa tsiku lachitatu akubuula pamphasa, kawirikawiri simupeza kanthu. Mukamuyeza atachira, akupalasa njinga yake ku Luwinga, mzere uli psuu. IgM amazimiririka m'masabata kapena miyezi yochepa, koma IgG amakhalitsa, chifukwa ena mwa maselo aja amakakhazikika m'mafuta a m'mafupa n'kumapitiriza kuwapanga kwa miyezi ngakhale zaka.

Ndikumvetsa chifukwa chake achimwene anu aona mzere n'kuganiza kuti matenda alipo. Ife Amalawi kuyeza magazi tinakuphunzirira pa HIV. Zipangizo za HIV zobaya pachala, monga Determine ndi Uni-Gold, nazonso zimasaka ma antibody, ndipo kumeneko mizere ikatsimikizika ndiye kuti munthu ali nako kachilombo. Zili choncho chifukwa HIV ikalowa situluka, ndiye amene ali ndi ma antibody ake alinso ndi kachilomboko. Tizilombo ta chimfine timabwera n'kupita m'sabata imodzi kapena ziwiri, ma antibody n'kutsala okha. Ngakhale pa HIV pomwepo pali malo amene lamuloli siligwira. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV saliyeza ndi kachipangizo ka pachala. Likakwana masabata 6 amatenga timadontho ta magazi ake kuti akasake kachilomboko ndi PCR, popeza ma antibody a mayi amene linalandira lili m'mimba amatha kukhala m'magazi mwake mpaka miyezi 18, mwanayo alibe kachilombo.

Ndiye IgG wa abambo wachokera kuti? Angakhale wa katemera wa 2021. Angakhale wa Covid imene anadwala osadziwa chaka china chilichonse kuyambira pa 2 April 2020, tsiku limene odwala atatu oyamba analengezedwa m'dziko muno. Angakhalenso wa matenda a mu June omwewa. Kachipangizo ka achimwene sikangasankhe pa zitatuzi. Ndipo kuti muone kuti mzerewo si chinthu chachilendo, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome pamodzi ndi a Malawi Blood Transfusion Service anayeza magazi osungidwa a anthu opereka magazi ku Blantyre, Lilongwe, Balaka ndi kuno ku Mzuzu. Mu October 2020 anthu pafupifupi 18 mwa 100 alionse anali ndi ma antibody a Covid-19. Mliri utabweranso kachiwiri, ulendo uja unatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama pa 12 January 2021, chiwerengerocho chinafika pafupifupi 65 mwa 100 mu May 2021. Kuno ku Mzuzu chinali chitadutsa kale 70 mwa 100 mu April. Kumbukirani kuti katemera anali atangoyamba pa 11 March chaka chomwecho, a Chakwera akubayitsa ku Zomba, malemu a Chilima kuno ku Mzuzu, ndipo obayitsa anali akadali ochepa kwambiri. Ambiri mwa anthu amenewo ma antibody anawapeza podwala, ena osamva n'komwe. Zitatero kunabwera mtundu wa Delta, kunabwera wa Omicron. Lero mutaima pa depoti ndi bokosi la zipangizo zimenezo n'kumabaya aliyense wotsika basi, mizere ingakutopetseni.

Apa ndi pamene kuyeza ma antibody kuli ndi phindu lenileni, ndipo ndimakulemekeza. Mabuku a boma analemba odwala osafika 100,000 m'dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni, koma magazi anaonetsa kuti kachilomboka kanadutsa pafupifupi m'nyumba iliyonse. Pofuna kudziwa mmene mliri wayendera m'dera, njira yake ndi imeneyi. Pofuna kudziwa chimene chikudwalitsa munthu mmodzi lero, sithandiza.

Mu labotale muli njira zofunsira magazi mozama kuposa pamenepa. Akatemera a AstraZeneca, Johnson & Johnson ndi Pfizer amaphunzitsa thupi puloteni imodzi yokha ya kachilombo, ya timinga ta kunja, imene amaitchula ndi chilembo S. Munthu amene wadwaladi amapanganso ma antibody a puloteni ya mkati, ya chilembo N. Ndiye kupeza a N kumasonyeza kuti munthu anakumana ndi kachilombo kenikeni, ngakhale sikunena chaka. Tayang'anani pa kapepala ka m'bokosi la achimwene, mwina palembedwa puloteni imene chipangizocho chimasaka, ndipo muonenso tsiku lothera ntchito. Njira yokhayo yodziwira ndi magazi kuti matenda ndi aposachedwa ndi kutenga magazi kawiri, koyamba munthu atangoyamba kudwala, kachiwiri patapita masabata 2 mpaka 4, n'kuona ngati ma antibody achuluka kuwirikiza kanayi. Kwa abambo nthawi ya magazi oyamba inadutsa kale, ndipo ngakhale yankho likanapezeka silikanasintha chithandizo chawo.

Achemwali anunso ndikuwapempha asadalire mzerewo. Kachipangizo kamangonena kuti ma antibody alipo, osanena kuti ndi ochuluka bwanji kapena ngati angathedi kutsekereza kachilombo kamene kakuyenda chaka chino. Amachepa m'kupita kwa miyezi. Amene ali m'magazi amateteza mapapo bwino kuposa mmene amatetezera mphuno, ndipo IgA wa m'mphuno sakhalitsa. Komanso kachilombo kamasintha maonekedwe. Omicron italengezedwa ku South Africa mu November 2021, inagwira anthu ambirimbiri amene anadwalapo kale ndi amene anabayitsa. Fuluwenza ndiye khalidwe lake n'lomwelo chaka ndi chaka, moti WHO imasankha mitundu yoika m'katemera kawiri pachaka, mu February ya mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, mu September ya mayiko a kummwera. Chikuku n'chosiyana. Nachonso chimalowera m'mphuno, koma mbali imene ma antibody amagwira sisintha, ndiye wodwalapo kamodzi kapena wolandira katemera wake mokwanira, pa miyezi 9 ndi 15 monga timachitira kusikelo, amatetezeka kwa moyo wonse.

Izi sizikutanthauza kuti katemera wa abambo anapita pachabe, ndipo apa ndikufuna mundimve bwino. Ma antibody akachepa, maselo a B okumbukira amatsala, pamodzi ndi maselo a T amene amasaka ndi kupha maselo ogwidwa. Kachilombo kakabweranso, amadzuka m'masiku ochepa m'malo mwa masabata awiri. Munthu amadwala ndithu, koma mwayi woti zifike pa chibayo ndi pa okosijeni umachepa kwambiri. Palibe kachipangizo ka pachala kamene kamaona maselo amenewa.

Za kuwatsekera m'chipinda, ayi. Wodwala Covid amapatsira ena kwambiri kuyambira tsiku limodzi kapena awiri asanayambe kumva m'thupi mpaka masiku asanu oyambirira, ndipo pakadutsa masiku 10 n'zapatali, kupatula amene chitetezo chawo n'chofooka kwambiri. Sabata yachinayi nkhani imeneyo inatha. Ngati chifuwachi n'cha TB, chipinda chotseka ndiye choipitsitsa: pamafunika mawindo otsekula masana, dzuwa lilowe, iwo azitseka pakamwa potsokomola. Ndipo chonde musawaikire mbaula m'chipinda chotseka poti kukuzizira. Mpweya wa makala sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo. Achimwene anu anagula chipangizocho chifukwa chokonda bambo awo, ndipo muwayamikire. Chikondi chomwecho achigwiritse ntchito polipira kabaza kapena takisi yopita kuchipatala.

China chimene ndikudziwa kuti wina pakhomopo wanena kale ndi choti mugule makapisozi. Amoxicillin ndi Bactrim sapha mavairasi, tizilombo toyambitsa chimfine ndi Covid, ngakhale pang'ono. Ndimamva chisoni ndikaona mankhwala amenewa akugulitsidwa awiriawiri ngati maswiti, chifukwa tsiku limene chibayo chenicheni chidzafike adzakhala atatha mphamvu. Ena, monga ciprofloxacin, amaziziritsa TB kwa kanthawi, munthu n'kuona ngati wachira, matenda akudya mkati. Adokotala akawaona n'kuwalembera, amwe ndipo amalize. Popanda kutero, asiyeni.

Ulendo wina abambo akadzayamba chimfine chotentha nacho thupi, pa msinkhu wawowu, adzapite m'masiku awiri oyambirira, ndipo cha m'mphuno chikadzakana koma iwo akudwalabe, adzabwererenso patapita masiku awiri. Kufulumira kuli ndi chifukwa: mankhwala a fuluwenza otchedwa oseltamivir amathandiza kwambiri akayambidwa mkati mwa maola 48. Akadzayamba kubanika, kulephera kumaliza chiganizo osapumira, kusokonezeka mutu kapena milomo kusintha mtundu, musadzafunse za chipangizo chilichonse, mudzangonyamuka.

Munafunsanso za khanda lanu la miyezi itatu limene likugona m'nyumba yomweyo. Abambo akapezeka ndi TB, mukawauze achipatala tsiku lomwelo kuti pakhomo pali mwana wosakwana zaka zisanu. Adzamuyeza, ndipo akakhala kuti alibe adzamupatsa mankhwala omuteteza, ngakhale analandira katemera wa TB wa BCG pobadwa. Podikira zotsatira, agogo asamamugoneke pachifuwa kapena kugona naye chipinda chimodzi. Koma china chimene chimagoneka makanda ambiri m'chipatala ndi RSV, kachilombo kamene pafupifupi mwana aliyense amakumana nako asanakwane zaka ziwiri. Kwa mkulu ndi kachimfine chabe, kwa khanda kamatseka tinjira ting'onoting'ono ta m'mapapo. Ma antibody amene munamupatsa ali m'mimba akuchepa mwezi ndi mwezi, ake sanayambe kupanga okwanira, ndiye pitirizani kumuyamwitsa bere lokha, ndipo aliyense wa chimfine asambe m'manja asanamunyamule, asamupsompsone. Akayamba kutsokomola, mudikire agone kapena akhale phee, mumuvule malaya, muike foni pambali n'kuwerenga kukwera kwa kamimba kake kwa mphindi imodzi yathunthu. Pa msinkhu wa miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kuposa pamenepo n'kothamanga. Mukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, kapena akukana bere, kapena akungogona osadzuka bwino, mutengeni ndi kabuku kake ka kusikelo mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.